Zolemba za nyengo ya manyuchi a mapulo m'nkhalango ya apongozi ku Lanark

22 Febuluwale

Chaka chino apongozi anga aamuna andipatsa udindo woyang'anira chiwaya chotsiriza, chomwe madzi a mumtengo amasandukiramo manyuchi, ndipo ndaganiza zolemba momwe ntchito ikuyendera kuti chaka chamawa ndisadzadalire mutu wokha. Nkhalango yathu ili ku Lanark County, kum'mawa kwa chigawo cha Ontario m'dziko la Canada, chakufupi ndi tauni ya Perth, ndipo banja la amuna anga lakhala likuboola mitengo ya mapulo (maple), yomwe madzi ake amakhala ndi shuga, kuyambira nthawi ya agogo awo. Sitichita malonda. Timapachika ndowa 140, timaphika ndi nkhuni, ndipo zomwe tapeza timagawana pachibale n'kupatsako anansi omwe amatithandiza kutunga.

Ine ndinakulira kufupi ndi Dwangwa, kumene mwana amangosenda nzimbe ndi mano n'kumva kutsekemera nthawi yomweyo. N'chifukwa chake tsiku loyamba lomwe ndinalawa madzi a mapulo ndinadabwa, poti anali oyera mbee ngati a pachitsime, ozizira, ndipo shuga wake amangomveka patali kumapeto kwa lilime. Madziwa amakhala ndi shuga wokwana pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse, pamene manyuchi enieni amayenera kufika magawo 66. Ntchito yathu yonse ya milungu isanu kapena isanu ndi umodzi ikubwerayi ndi yothamangitsa madzi otsalawo ndi moto popanda kupsereza chomwe tikufuna.

Lero tatsuka ndowa, zivundikiro ndi timipopi tokhomera m'mabowo a mitengo ndi madzi otentha okhaokha, chifukwa fungo la sopo likangokhudza ziwiya limadzamvekanso m'botolo. Ndowa zakale 30 zomwe m'malumikizano mwake anamata ndi mtovu tazichotsa pa ntchito. Apongozi zinawawawa, chifukwa ndi zomwe bambo awo ankagwiritsa ntchito, koma anavomera okha atakumbukira kuti odya kwambiri manyuchiwa ndi adzukulu awo. Tazipachika kukhoma kwa kanyumba kophikiramo. Nkhuni zilipo zokwanira, zouma bwino, zowaza zing'onozing'ono ngati mkono wa munthu, popeza chiwayachi chimafuna malawi aukali osati makala.

3 Malichi

Taboola mitengo yonse m'masiku awiri. Chipale chofewa chikadali chofika m'mawondo, moti tinavala nsapato zotambalala zija zoyendera pamwamba pake, apongozi patsogolo, amuna anga ndi chiboolero, ine ndi kanyundo ndi thumba la timipopi.

Chomwe ndaphunzira kwambiri m'masiku awiriwa n'chakuti apongozi sayamba ndi kuyang'ana thunthu. Amayamba aima chapatali n'kuyang'ana kumwamba kunthambi, ndipo mtengo womwe nthambi zake zaumako amaudutsa ngakhale ukhale waukulu bwanji. Mitengo yambiri kumtunda kwa nkhalangoyi ili ndi nsonga zopindika ndi zipsera zazikulu, ndipo nditafunsa anandifotokozera za mvula youndana ya mu Januwale 1998, yomwe inagwa kwa masiku angapo kum'mawa kwa Ontario ndi kum'mwera kwa Quebec, n'kukuta nthambi ndi ayezi mpaka zinayamba kuthyoka zokha. Akuti usiku wonse ankangomva kulira kwa nthambi ngati mfuti, magetsi atazima, ndipo kutacha sanathe kudutsa m'njira yopita kukanyumba. Mitengo yomwe inavulala kwambiri anaisiya zaka zingapo osaiboola. Ina inafa, koma yambiri inaphukanso, ndipo ndi yomweyo ikutipatsa madzi lero. Amaidziwa umodziumodzi, ndipo pofotokoza amaigwira pakhungwa monga momwe munthu amagwirira ng'ombe yake.

Mtengo timauboola pokhapokha thunthu lake litafika masentimita 25 kupingasa, zomwe kawirikawiri zimautengera zaka pafupifupi 40. Bowo limalowa masentimita 4 kapena 5, lopendekera pang'ono kuti madzi azitsika, ndipo liyenera kutalikirana ndi mabowo a zaka zapita, chifukwa thabwa lozungulira bala lakale limada n'kusiya kuyendetsa madzi. Chizindikiro chake chili pa tizipalo totuluka pa chiboolero: tikakhala toyera ndi tonyowa ndiye kuti pali bwino, koma tikakhala tofiirira ndiye kuti walasa pakale. Kampopi timakakhomerera pang'onopang'ono mpaka kulira kwa nyundo kutasintha, kuchoka pa kuti ng'o ng'o kufika pa kuti du, ndipo ukapitirira apo khungwa limang'ambika, madzi n'kumathera pansi. Timipopi tathu ndi tating'ono ta 5/16 ya inchi, osati takale ta 7/16, kuti bala lizipola msanga.

Dzulo madzulo dzuwa litawomba mbali ya kum'mwera kwa mitengo, ndowa zoyamba zinayamba kulira, dontho limodzilimodzi pa chitsulo chopanda kanthu. Tinaima tonse atatu osayankhula mpaka apongozi anatiuza kuti tipitirize.

7 Malichi

Kwazizira kwambiri usana ndi usiku, ndipo palibe chomwe chatuluka. M'ndowa muli timiyala ta ayezi basi. Mapulo amafuna usiku wozizira pansi pa ziro ndi usana wofunda pamwamba pa ziro, chifukwa kuundana kwa usiku ndi komwe kumakokera madzi m'mwamba kuchokera kumizu, ndipo kusungunuka kwa masana ndi komwe kumawakankhira kunja kudzera pabala. Shuga wake ndi chakudya chomwe masamba anapanga chilimwe chatha, mtengo n'kuchisunga. Tikudikira.

12 Malichi

Taphika koyamba. Usiku wa dzana kunafika madigiri 6 pansi pa ziro, masana n'kukwera kufika 5, ndipo pofika dzulo madzulo tinali titatunga malita pafupifupi 600. Nditayeza ndinapeza shuga wa magawo 2.5. Ophika mapulo ali ndi kawerengedwe kosavuta komwe kanachokera kwa katswiri C. H. Jones wa pa University of Vermont: ukagawa 86 ndi kuchuluka kwa shuga m'madzi, umadziwa malita omwe akufunika kuti upeze lita imodzi ya manyuchi. Pa 2.5 ndi malita pafupifupi 34, pa 2 ndi malita 43, ndipo madzi akamasukuluka kumapeto kwa nyengo n'kufika pa 1.5, pamafunika malita 57 ndi nkhuni zambiri.

Chophikira chathu ndi ng'anjo yaitali yachitsulo yokhala ndi ziwaya ziwiri. Chakumbuyo chili ndi ngalande zozama pansi pake kuti moto uzikhudza malo ambiri, ndipo ndi momwe madzi atsopano amalowera. Chakutsogolo ndi chafulati, chogawidwa m'zipinda, ndipo madzi amayenda pang'onopang'ono kuchoka chipinda china kupita china akunka nalemera mpaka kufika pampopi wotulutsira. Moto ukakolera bwino timaphwetsa malita pafupifupi 100 pa ola. Amuna anga amaponya nkhuni mphindi zisanu ndi ziwiri zilizonse motsatira wotchi, chifukwa kuwira kukangotsika, zipinda zija zimasakanikirana. Nthunzi inadzaza kanyumba konse moti sitinkaonana nkhope, ndipo inkadontha kuchokera kudenga n'kumata m'tsitsi. Thovu likafufuma kufuna kusefukira, dontho limodzi la mafuta ophikira limaligwetsa nthawi yomweyo.

Apa ndi pomwe njira yanga ndi ya apongozi zimasiyana. Ine m'mawa ndimayamba ndawiritsa madzi wamba n'kuona pomwe choyezera kutentha chaima, chifukwa madzi sawira pa madigiri 100 tsiku lililonse, zimatengera mpweya wa tsikulo. Lero anawira pa 99.4, choncho manyuchi ndinawayembekezera pa madigiri 4 pamwamba pa apo, kenako n'kutsimikiza ndi hydrometer, kachipangizo kagalasi koyezera kuchuluka kwa shuga komwe kamayandama m'kachubu. Apongozi amangoviika chipande chachitsulo n'kuchitukula. Ngati madzi akudontha madontho, sanapse, koma akalendewera m'mphepete mwa chipande ngati kansalu, ndiye kuti afika. Katatu konse anandiuza kuti tsegulani mpopi ndisanayang'ane n'komwe choyezera, ndipo katatu konse hydrometer inagwirizana nawo. Sananyoze zida zangazo. Anangoti ndizigwiritsa ntchito zonse ziwiri mpaka diso litazolowera, chifukwa galasi limasweka.

Kwathu mtengwa sangachezere usiku phewa ndi phewa ndi apongozi ake aamuna pamoto umodzi, ndipo zaka zoyambirira ndinkamangika, ndikumangoima pakhomo ndi ndowa. Panopa ndazolowera, ngakhale mpaka lero sindiwatchula dzina monga momwe azipongozi ena a kuno amachitira, ndipo iwo anasiya kundikakamiza.

Tapeza malita 9 okha, popeza shuga wambiri wa tsiku loyamba amatsalira m'ziwaya kuti akhale poyambira mawa. Ndi oyera ngati mafuta ophikira atsopano.

14 Malichi

Kusefa ndi ntchito yomwe palibe amaikonda. Madzi akamaphwa, mchere wa m'nthaka womwe unali m'madziwo umaundana n'kukhala nsenga yomwe kuno amaitcha mchenga wa shuga, ndipo ukaisiya imakhazikika pansi pa botolo n'kumalumika m'mano. Timasefa akadali otentha kudzera m'thumba lokhuthala looneka ngati chipewa chosongoka, lokhala ndi timapepala tosefera mkati, ndipo thumbalo silifinyidwa ngakhale lichedwe bwanji, chifukwa kufinya kumakulitsa timabowo. Pothira m'mabotolo ndimaonetsetsa kuti kutentha kuli pafupifupi madigiri 85. Akazizira kuposa apo botolo silitetezeka ku nkhungu, ndipo akawiranso nsenga yatsopano imabadwa. Mlingo wa shuga nawonso ndi wothina: pansi pa 66 manyuchi amachita nkhungu kapena kusasa, ndipo akapitirira kwambiri, pansi pa botolo pamamera timiyala ta shuga.

Ndayamba mwambo wanga wothira pang'ono za kuphika kulikonse m'kabotolo kakang'ono, n'kulembapo tsiku, n'kukaika pawindo loyang'ana kum'mawa. Pali tiwiri tsopano.

19 Malichi

Ndapsereza chiwaya chakutsogolo, ndipo ndilemba momwe zinachitikira kuti zisadzachitikenso. Timaphika ndi madzi osaya, pafupifupi masentimita 4, kuti awire msanga. Cha m'ma 9 koloko usiku ndinatulutsa manyuchi ambiri nthawi imodzi, osadziwa kuti paipi yochokera kuthanki yosungiramo madzi a mapulo yaundana ndipo madzi atsopano sakulowa. Ndinamva fungo la shuga wopserera ndisanaone kanthu, kenako thovu linasanduka lachikasu n'kutuluka utsi. Amuna anga anatsegula zitseko za ng'anjo, ine n'kukhuthulira ndowa ya madzi yomwe apongozi amaumirira kuti izikhala pafupi nthawi zonse. Chiwaya sichinapindike, koma chipinda chimodzi chinada bii, ndipo malita pafupifupi 6 anatayika.

Zinandipweteka kwambiri, chifukwa malita 6 amenewo ndi madzi oposa malita 200 omwe ana ndi anansi anasenza m'chipale. Apongozi sanakweze mawu. Anandipatsa vinyo wosasa ndi kansalu kokwechera, tinaviika chiwayacho usiku wonse, ndipo m'mawa anandithandiza kukwecha mpaka chitsulo chinaonekanso. Kuyambira lero ndikuika kamtengo kolembedwa mizere m'chiwaya, ndipo sinditsegula mpopi ndisanaone ndi maso kuti madzi akulowa kumbuyo.

23 Malichi

Linali tsiku la banja. Kunabwera alamu anga awiri ndi mabanja awo, ndipo tinaphika masana kuti ana aone.

Apongozi aakazi anabweretsa mphika wa nyemba zomwe zinagona mu uvuni usiku wonse ndi nyama ya nkhumba ndi manyuchi akuda a chaka chatha. Tiyi tinafulula ndi madzi a m'chiwaya chakumbuyo omwe anali atangoyamba kutsekemera, osathiranso shuga, ndipo kwa ine palibe chakumwa china m'nyengo yonseyi choposa chimenechi, chomwera panja manja atauma ndi chisanu. Ana tinawapangira switi ya pachipale: manyuchi timawawiritsabe mpaka madigiri pafupifupi 114, n'kuwathira mizeremizere pa chipale choyera chotsendereza m'thireyi, ndipo akangolimba pang'ono mwana amawakulunga pakamtengo. Mwana wathu wamng'ono anamata chipewa ndi magolovesi omwe.

Ine ndinabweretsa thobwa. Ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa ku Ottawa, ndipo chimera ndinameretsa ndekha ndi mawere pathireyi m'khitchini. Ndinaphika phala, litafunda bwino n'kuthira chimera, n'kulisiya ligone, kutacha n'kuliwiritsanso, koma m'malo mwa shuga ndinathira manyuchi a pa 14 Malichi. Ndinkaopa kuti fungo la mapulo liphimba la chimera, koma zinagwirizana, chifukwa zonse ziwiri zili ndi kakomedwe kofanana ndi ka chimanga chokazinga. Chaka chamawa ndidzayesa ndi manyuchi akuda, ochepa chabe. Alamu anga aakulu, omwe amafulula mowa wawo m'chipinda chapansi kunyumba kwawo, anamwa makapu awiri n'kuyamba kundifunsa masiku omwe mawere amatenga kuti amere komanso kutentha kwa phala pothira chimera. Tinapeza kuti zomwe iwo amachita ndi balere ndi zomwe mayi anga ankachita ndi mawere ndi nzeru imodzi, yoti mbewu yomera imasandutsa ufa kukhala shuga. Apempha kuti tidzawasungire madzi otsiriza a nyengo kuti adzafululire mowa m'malo mwa madzi a pampopi.

Madzulo mwana wathu wamkulu anatiuza zomwe anaphunzira kusukulu, zoti luso limeneli azungu analipeza kwa eni dziko. Ndi zoona, ndipo nkhalango yathu ili m'dziko la makolo a anthu a mtundu wa Algonquin. Anthu a Anishinaabe ndi Haudenosaunee ankatema khungwa la mapulo, kulandira madzi m'ziwiya za khungwa la mtengo wa birch, n'kuphika mpaka kukhala shuga wouma yemwe ankasungika chaka chonse komanso kunyamulika paulendo. M'chiyankhulo cha Ojibwe, omwe ndi amodzi mwa anthu a Anishinaabe, muli mwezi womwe dzina lake limanena za kuphika madzi a mapulo. Ndalonjeza ana kuti tisanatseke nyengo tidzaphika mphika umodzi mpaka shuga wouma, wotakasa ndi mthiko, kuti aone chomwe chinali cholinga choyambirira cha ntchitoyi.

29 Malichi

Masiku atatu apitawa madzi atuluka kuposa mphamvu zathu. Ndowa zina zinasefukira tisanazifike, ndipo taphika mpaka 2 koloko usiku kawiri motsatizana. Dzulo masana kunafunda kufika madigiri 12, ndipo malita pafupifupi 150 omwe anatsala m'thanki yapadzuwa anachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Tinawataya. Madzi a mapulo ali ngati mkaka, sadikira munthu, ndipo thankiyo taisamutsira kumpoto kwa kanyumba n'kuikwirira ndi chipale.

Timabotolo ta pawindo tafika 9, ndipo dzuwa la m'mawa likawomba timaoneka ngati makwerero, kuchoka pa oyera a golide kufika pa ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kuda kumeneku kumabwera chifukwa kukamafunda tizilombo tosaoneka ndi maso timachuluka m'madzi n'kuphwanya shuga wake kukhala mitundu ina yomwe imafiira msanga pamoto. Malamulo a Canada amagawa manyuchi m'magulu anayi potengera kuwala komwe kumadutsamo, omwe ndi Golden, Amber, Dark ndi Very Dark, ndipo gulu loyamba limadutsa kuwala kosachepera magawo 75 pa 100 pamene lotsiriza silifika 25. Anthu ambiri amaganiza kuti oyera ndiwo abwino koposa, koma ine mtima wanga uli pa akuda, omwe sasowa ukawathira m'phala kapena pa mbatata yootcha.

Usiku wa dzana, titatopa, amuna anga anayambitsanso nkhani yoika mapaipi apulasitiki olumikiza mitengo ndi kugula makina ochotsa madzi ambiri tisanaphike, monga amachitira alimi akuluakulu. Mfundo yawo ndi yomveka, chifukwa apongozi akukalamba ndipo ndowa yodzaza ndi yolemera pamtunda woterera. Ku Quebec, komwe kumachokera pafupifupi magawo 70 pa 100 a manyuchi a mapulo a dziko lonse lapansi, ntchitoyi ndi ya mafakitale, ndipo bungwe la alimi kumeneko limasunga migolo yambirimbiri ku Laurierville kuti mitengo ya malonda isamasinthesinthe. Katunduyu ndi wamtengo wapatali moti pakati pa 2011 ndi 2012 akuba anapopa manyuchi a ndalama zoposa madola 18 miliyoni a ku Canada m'nyumba yosungiramo ku Saint-Louis-de-Blandford, migolo ina n'kuidzaza madzi. Sindinyoza alimi amenewo, popeza ndi omwe amadyetsa misika, ndipo manyuchi awo ndi abwino. Koma wogula m'sitolo amafuna kuti botolo la lero likome ngati la mwezi watha, pamene chomwe ine ndimakonda m'kanyumba kathu n'chakuti la pa 12 Malichi limanunkhira ngati vanila, la pa 21 ngati batala wosungunuka, ndipo la dzulo lili ndi kautsi ndi kuwawira pang'ono ngati khofi. Ndapempha kuti tisasakanize zophika za masiku osiyana, ndipo aliyense wolandira botolo aziona tsiku lake. Za mapaipi tagwirizana kuti tidzayese chaka chamawa pa mitengo 40 ya pamtunda pokha, ina yonse ikhalebe ya ndowa.

5 Epulo

Usiku watha masiku atatu osaundana. Madzi achepa, shuga watsika kufika 1.6, ndipo m'ndowa mwayamba kugwera agulugufe ausiku. Dzulo madzulo achule ang'onoang'ono anayamba kulira kudambo, ndipo apongozi anati akalira amenewo ndiye kuti kwatsala kutunga kamodzi kapena kawiri. Mphukira za mitengo ya mapulo ofiira zatupa kale, choncho ndowa zake tazichotsa, chifukwa mtengo ukayamba kuphuka madzi ake amasintha, ndipo manyuchi ake amatuluka ndi fungo loipa lomwe silichoka ngakhale utaphika bwanji. Njira yodziwira ndi kuwiritsa pang'ono m'kapoto n'kununkhiza nthunzi yake musanathire m'chiwaya. Mapulo a shuga amachedwerako kuphuka, ndipo madzi ake akadali bwino.

Shuga wouma uja tinapanga Loweruka. Tinawiritsa malita awiri a manyuchi mpaka kupitirira madigiri 120, n'kuchotsa pamoto, n'kutakasa osaleka. Kwa mphindi zingapo palibe chinkasintha, kenako mwadzidzidzi phala lija linatuwa, linatulutsa nthunzi yambiri, n'kuyoyoka kukhala mchenga wofiirira m'mphika. Ana anakhala chete, ndipo wamkulu anapempha kuti atengeko m'kabotolo akaonetse aphunzitsi ake.

10 Epulo

Tazula timipopi tonse. Mabowo sitiwatseka ndi kanthu, mtengo umadzipoletsa wokha, ndipo ambiri a chaka chatha ndawaona atatsekeka kale ndi khungwa latsopano. Taphika maulendo 13 ndipo tapeza malita 118, kuchotsapo 6 omwe ndinapsereza, zomwe zikutanthauza kuti bowo lililonse latipatsa pang'ono kuchepera lita imodzi. Apongozi akuti ndi chaka chapakatikati. Alamu atenga malita 60 a madzi otsiriza a mowa wawo, ndipo malita 4 a manyuchi akuda kwambiri ndawapatula kuti ndiyese kupanga vinyo wosasa.

Ntchito yotsala ndi yotsuka ndowa 140 ndi kuziyanika padzuwa, kuviika ziwaya kuti nsenga yomatirira ichoke, kuchotsa phulusa m'ng'anjo ndi kuvundikira chumuni kuti mbalame zisamangemo zisa. Paipi ya kuthanki yomwe inaundana ija tiifupikitsa ndi kuikulunga. Nkhuni za chaka chamawa ziyenera kudulidwa ndi kuwazidwa mwezi uno udzudzu ndi ntchentche zoluma zisanabuke mu Meyi, ndipo apongozi alemba kale ndi utoto mitengo youma yomwe tigwetse. Timabotolo 13 ta pawindo ndatisiya pomwepo mpaka Lamlungu, pomwe apongozi aakazi akufuna kuti tidzalawe tonse motsatana ndi masupuni oyera, kuti tisankhe lomwe titumize kwa mayi anga ku Nkhotakota.